Atatha kutentha dziko

Tsiku lina Swala ya Asr itangotha, ana a madrasa atabalalika, kunabwera mayi wina wa m'mudzi mwathu atanyamula jumbo yolemera. Tinapatsana salamu, koma mkeka umene tinawayalira sanaukhalire msanga. Anatulutsa mabuku awiri onenepa a Chingerezi n'kunena kuti, "A Mwalimu, mundionereko izi. Mwana wanu uja sakugona nazo tulo, ndipo mlongo wake akuti muli milungu. Ndiwotche kapena ndimubwezere?" Mwana amene ankanenayo tinamuphunzitsa tokha kuyambira pa alifu mpaka anamaliza Juzu Amma. Lero ndi namwali wa zaka 19, analemba mayeso a Fomu 4 ndipo akudikira malo ku yunivesite. Mabukuwo anamutengera ndi malume ake amene amagwira ntchito ku Johannesburg.

Yankho lachidule linali pakamwa, ndipo mayiwo akadalilandira. Koma ku koleji aphunzitsi athu a fiqh ankabwereza kawirikawiri kuti munthu sagamula chinthu chimene sanachione maonekedwe ake. Tinapempha mwezi umodzi, ndipo tinawerenga mabuku onse awiri usiku ndi usiku, Isha ikatha, ndi nyale ya sola. Amene akufuna kudziwerengera okha adziwiretu kuti m'nkhani ino tiulula mathero.

Wolemba wake ndi R.F. Kuang, amene anabadwira ku Guangzhou m'dziko la China mu 1996 n'kukulira ku America. Buku loyamba, The Poppy War, linatuluka mu 2018 iye asanakwanitse zaka 22, ndipo lachiwiri, The Dragon Republic, limene likutikhudza kwambiri pano, linatsatira mu 2019. Ndi nthano zopeka za dziko longoyerekeza lotchedwa Nikan, koma mafupa ake ndi mbiri yeniyeni ya China. Dziko la pa chilumba lotchedwa Mugen, limene limaukira Nikan, likuimira Japan. Kuphedwa kwa anthu mumzinda wa Golyn Niis kwatengedwa pa zimene asilikali a Japan anachita ku Nanjing kuyambira mu Disembala 1937, kumene boma la China limati kunafa anthu 300,000. Kuang ananenanso yekha kuti njira ya mtsikana wa m'nthanoyi, Rin, anaijambula potsatira moyo wa Mao Zedong.

M'buku loyamba Rin ndi mwana wamasiye wakhungu lakuda wa kumwera, amene akuthawa ukwati wokakamizidwa pokhoza mayeso olowera sukulu ya usilikali ya Sinegard. Kumeneko aphunzira kuitana mphamvu ya mulungu wa moto wotchedwa Phoenix. Nkhondo itabuka, ataona mitembo ya ku Golyn Niis, ataona mtsogoleri wake Altan akufa, Rin aitana motowo n'kufafaniza dziko lonse la Mugen tsiku limodzi, asilikali ndi makanda omwe. Buku loyamba lithera pomwepo, ndipo nthano zambiri za kubwezera zimathera pamalo ngati amenewo, utsi ukadali m'mwamba, wowerenga mtima utazizira.

Buku lachiwiri ndi la m'mawa mwake. Kwacha, ndipo wotentha dziko uja adakali moyo, ayenera kudya, kugona ndi kuyang'ana anzake m'maso. Timupeza Rin atamira mu opiyamu, mankhwala ozunguza bongo ochokera ku duwa la popi, chifukwa akakhala bwinobwino mawu a mulungu uja ndi nkhope ya Altan sizimupatsa mpata. Akupha anthu polipidwa ndi Moag, mfumukazi ya achifwamba a panyanja, ndipo chimene chikumusunga ndi moyo ndi chimodzi chokha: kufuna kupha Mfumukazi Su Daji imene inagulitsa dziko kwa adani. Kenako atulukira Yin Vaisra, wolamulira chigawo cha Chinjoka, munthu wolankhula bwino amene akulonjeza kugwetsa ufumu n'kukhazikitsa boma losankhidwa ndi anthu. Amuletsa opiyamu, amupatsa yunifolomu ndi mbendera, ndipo Rin amutsata monga mwana wa nkhuku atsata chilichonse chofunda. Chiwembu chopha Daji ku Lusan chilephereka. Zombo za Vaisra zikwera mitsinje kulowera kumpoto n'kukathera pa nyanja ya Boyang. Pa nthawi yonseyi alendo a ku Hesperia, oyera khungu, eni mfuti ndi zombo zouluka, angokhala pambali kudikira kuti aone amene ali woyenera thandizo lawo. Rin atapulumutsa mzinda wa Arlong pa nkhondo yomaliza, malipiro ake ndi awa: Vaisra amupereka kwa alendowo, anzake otsala a m'gulu la Cike aphedwa, ndipo Nezha, mwana wa Vaisra amene Rin ankamukonda, amubaya mpeni kumsana. Athawa atataya dzanja, n'kulowera kumwera kukayamba nkhondo ina.

Akatswiri openda mabuku ku America ndi ku Britain analandira nthanozi ndi manja awiri. Buku loyamba linapata mphoto za Crawford ndi Compton Crook mu 2019, ndipo linafika m'ndime yomaliza ya mphoto za Nebula ndi World Fantasy. Mu 2020 Kuang analandira mphoto ya Astounding ya wolemba watsopano, ndipo chaka chomwecho magazini ya Time inaika mabuku onse awiriwa pa mndandanda wa mabuku 100 opambana a mtundu umenewu. Lachitatu, The Burning God, litatuluka kumapeto kwa 2020, atatu onse pamodzi anapikisana nawo pa mphoto ya Hugo ya 2021. Chimene ambiri anayamikira pa buku lachiwirili n'choti silinafooke monga amachitira mabuku apakati, amene nthawi zambiri amangokhala mlatho wopita ku lomaliza. Anayamikiranso nkhondo zake za pamadzi, kulimba mtima kwake poonetsa utsamunda, ndi kukana kwake kumusambitsa Rin kuti aoneke ngwazi. Mtundu wa nthano zoterezi amautcha grimdark, kutanthauza nthano imene mulibe woyera mtima ndipo zabwino sizipambana chifukwa choti ndi zabwino.

Odandaula nawo alipo, makamaka pakati pa owerenga wamba amene amalemba maganizo awo pa intaneti. Ena amati bukuli ndi lalitali, masamba oposa 600, ndipo chiyambi chake chimakwawa. Pamenepa sitikutsutsa, mausiku ena tulo tinatigonjetsa zombo zisananyamuke. Koma dandaulo lalikulu ndi la Rin mwini: akuti amatopetsa, saphunzira, amangothamangira amuna amphamvu amene amamuchitira nkhanza, choyamba Altan, kenako Vaisra. Ife tikuona kuti odandaulawa akhudza mtima weniweni wa bukuli, kungoti auyesa chilema. Oyamikira nawo anaima panjira, chifukwa anatamanda mdimawo osafunsa kuti chikusowa n'chiyani kuti kukhale mdima chonchi.

Aliyense amene anakhalapo pansi ndi munthu wosenza tchimo lalikulu amudziwa Rin. Munthu wotere satha kukhala yekha. Amafuna chinthu chomugonetsa, kapena munthu womuuza chochita kuti asamaganize, kapena mdani watsopano woti mlandu wonse ukagwere pa iye. Rin ayesa zitatu zonsezi motsatizana. Si kupusa kumene kukumuthamangitsira kwa Vaisra. Akufuna munthu wamkulu woti amuuze kuti moto wake uli ndi ntchito, chifukwa ngati uli ndi ntchito ndiye kuti zimene anachita ku Mugen zili ndi tanthauzo. Kuang analemba zimenezi molondola mochititsa mantha, ali mtsikana wa zaka za m'ma 20.

Pamene tinkawerenga, tinkangokumbukira Hadith imene ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, ya munthu wa m'mibadwo yakale amene anapha anthu 99. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anasimba kuti munthuyo anapita kwa wopembedza wina wodzipatula kukafunsa ngati khomo la kulapa likadali lotsegula kwa iye. Atauzidwa kuti latsekeka, anamupha nayenso, n'kukwanitsa 100. Kenako anapeza munthu wozindikira, amene anamutsimikizira kuti palibe chingatchinge pakati pa iye ndi tauba, koma anamulamula chinthu chimodzi: achoke m'dziko lakelo, limene linali loipa, apite kudziko kumene kuli anthu opembedza Allah. Anafera panjira, ndipo chifundo chinamupeza chifukwa anali atayandikira kumene ankapita.

Tikamaphunzitsa Hadith imeneyi timakonda kuthamangira kumathero ake okoma. Buku la Kuang latibwezera pakati pake, pa lamulo lija lakuti choka. Wozindikira uja sankafuna kanthu kwa wakuphayo, ndiye anatha kumuuza zoona. Rin, m'masamba onse 600, sakumana ndi munthu ngati ameneyo. Moag akufuna moto wake, Vaisra akufuna moto wake, alendo a ku Hesperia akufuna kuupima ndi kuutsekera, ndipo atsogoleri a kumwera amene amulandira pamapeto akuufunanso. Aliyense amene ali ndi mphamvu yomuthandiza ali ndi phindu m'tchimo lake. Mnzake Kitay yekha ndiye amamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti chimene anachita n'choopsa, ndipo kwa nthawi yaitali amukwiyira. Koma pakati pa bukuli, Daji atatseka mphamvu ya Rin, Kitay yemweyo avomera kumangirira moyo wake ku moyo wa Rin kuti motowo ubwerere. Tsamba limenelo ndi limene linatiwawa koposa masamba onse a magazi, chifukwa munthu yekhayo amene akadati choka ndiye wasanduka khomo lolowera moto.

Tisanamizane kuti Chisilamu chikadamupatsa Rin njira yofewa. Wahshi, amene anapha Hamza pa nkhondo ya Uhud, atalowa Chisilamu analandiridwa, koma Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anamupempha kuti asamaonekere pamaso pake, chifukwa bala la kuphedwa kwa m'bale wa bambo ake linali lisanapole. Khalid bin Walid atapha anthu a fuko la Banu Jadhima mosayenera, Mtumiki anakweza manja n'kudzipatula ku zimene Khalid anachita, ndipo anatuma Ali kukalipira dipo la magazi. Usama bin Zaid, amene anapha munthu atanena kale Shahada pa nkhondo, anadzudzulidwa mpaka analakalaka akadakhala kuti walowa Chisilamu tsiku lomwelo. Onsewa anali kumbali ya choonadi, ndipo kukhala kumbali ya choonadi sikunawachotsere mlandu. Tauba ya tchimo lolakwira anthu imafuna kubweza za eni ake. Nanga Rin akabweza kwa yani, poti a ku Mugen anawatha? Funso limeneli talitembenuza mausiku angapo, ndipo talisiya m'manja mwa Mwini chiweruzo. Komabe pali kusiyana pakati pa ngongole yolemera imene mwini wake akudziwa kokaipereka ndi ngongole imene ilibe kokaipereka. M'dziko la Nikan muli milungu 64, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene munthu angamugwadire n'kunena kuti ndalakwa. Milunguyo ndi njala chabe: wina amafuna kutentha, wina kuwomba mphepo, ndipo amene awaitana amathera misala, n'kutsekeredwa amoyo m'phiri la miyala.

Apa ndi pamene tinapeza yankho la funso la mayi aja lokhudza milungu. Bukuli siliitanira munthu ku shirk. Ngati pali chimene likuchita, ndi kuonetsa mtengo wa kufuna mphamvu kwa zobisika, chinthu chimene Surah Al-Jinn inatichenjeza kale pokamba za anthu amene ankathawira kwa ziwanda n'kungoonjezeredwa mtolo. Ife a m'mbali mwa nyanja, kumene ena amapitabe usiku kukakhwimira usodzi kapena malonda, nkhani imeneyi si yachilendo. Choopsa chenicheni cha bukuli chili pena: muli kutukwana, muli kugwirira akazi kofotokozedwa mosabisa, muli nkhanza zimene mwana sayenera kugona nazo m'mutu. Mlongo wake wa namwali uja, amene ali ndi zaka 13, tinanena mosazungulira kuti asaligwire.

Pali mulungu winanso m'bukuli, wa alendo a ku Hesperia, amene amamutcha Mlengi, ndipo openda mabuku anakamba zambiri za gawo limeneli. Amishoni awo amabwera ndi chakudya cha othawa nkhondo kudzanja lina, kudzanja lina chiphunzitso chakuti mitundu ya anthu ili pa makwerero ndipo iwo ali pamwamba. Mmodzi wa iwo, Sister Petra, amamuvula Rin, kumupima thupi ndi kulemba m'kabuku, mofatsa, mopanda chidani, monga munthu wopima mbuzi pamsika. Kuang akukamba za China, dziko limene Britain inalikakamiza ndi mizinga kugula opiyamu pa nkhondo ya 1839 mpaka 1842, ndipo nkhaniyo ikhale ya eni ake. Koma wowerenga wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota sangalephere kukumbukira agogo athu amene anakaniza ana awo sukulu za mishoni poopa kuti akabwerako ndi dzina lina, mpaka tinatsalira pa maphunziro kwa mibadwo ingapo. Tinawerenga masamba amenewo tikugwedeza mutu, mtima ukuti inde, anatichita zimenezi.

Koma Kuang salola wowerenga kukhala nthawi yaitali pa mpando wa wolakwiridwa. Anthu a ku Nikan omwewo, amene akunyozedwa ndi alendo, amanyoza anzawo akhungu lakuda a kumwera, amawaunjika m'misasa kunja kwa Arlong, ndipo mtundu wa Rin, anthu a pa chilumba cha Speer, anausandutsa akapolo omenya nkhondo kwa zaka mazana asanaupereke kuti uphedwe. Nafenso tikamasimba za Harry Johnston ndi nkhondo zake zolimbana ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja m'zaka za m'ma 1890, tiyenera kusimbanso zimene zombo za Jumbe ndi za Makanjira zinkawolotsa kupita ku gombe la kum'mawa. Munali minyanga, munalinso anthu. Oyamikira bukuli ambiri analitenga ngati mlandu wozenga azungu, ndipo ndi mlandu ndithu, koma masamba ake ochuluka akuzenga munthu amene walakwiridwa zenizeni n'kuganiza kuti chifukwa cha chimenecho dzanja lake silingadetsedwe.

Mwezi utatha tinaitana mayi aja pamodzi ndi mwana wawo. Tinamufunsa namwaliyo chimene chinkamusowetsa tulo, tikuyembekezera kuti atchula mitembo kapena milungu. Anakhala chete, akukoka m'mphepete mwa hijabu yake, kenako anati, "A Mwalimu, pamene Rin ankatentha Mugen ine ndinasangalala. Ndinaika buku pansi n'kumwetulira. Ndiye lachiwirili lakhala likundifunsa kuti ndinasangalalira chiyani." Anapitiriza kunena kuti pa foni yake amaona mavidiyo a ana a ku Gaza akufukulidwa m'zigumula za nyumba, ndipo pena amapezeka akulakalaka wina atatenga moto n'kutentha onse a mbali inayo, osasiyako ndi mmodzi yemwe. Mayi ake anamuyang'ana ngati akumuona koyamba.

Tinazindikira pamenepo kuti ife aphunzitsi tili ndi ngongole. Ana athu akuona nkhondo tsiku lililonse m'manja mwawo, ndipo mkwiyo wawo pa kuphedwa kwa osalakwa ndi woyenera. Mtima umene sukwiya ndi zotere ndi wodwala. Koma pa madrasa timawaphunzitsa masiku ndi ziwerengero za Badr ndi Uhud, osakhalitsa pa malangizo amene Abu Bakr anapereka kwa ankhondo opita ku Sham, amene Imam Malik anawasunga m'buku la Muwatta: kuti asaphe mkazi, mwana kapena nkhalamba, asadule mtengo wobala zipatso, asagumule malo okhala anthu. Sitikhalitsa pa ndime ya mu Surah Al-Ma'idah imene imatiletsa kuti chidani chathu pa anthu ena chitichititse kusiya chilungamo. Malire amenewa anaikidwira munthu amene walakwiridwa ndipo ali ndi mphamvu m'manja, pakuti wopanda mkwiyo safuna chomuletsa. Zinatengera mtsikana wa ku Guangzhou, wolemba nthano ya milungu yabodza, kuti mwana wathu adzifunse funso limene ife tinayenera kumufunsa ali ndi zaka 12.

Tinakhala nawo mpaka dzuwa linapendeka. Tinamusimbiranso za munthu wa anthu 99 uja, ndipo ulendo uno tinaima pa lamulo la kuchoka, n'kumufunsa kuti ndani m'bukumo akadatha kumuuza Rin mawu amenewo. Anaganiza, n'kutchula mphunzitsi wake wakale Jiang, amene m'buku loyamba anamuchenjeza kuti asaitane motowo. Kenako anadziyankha yekha kuti Jiang anathawa n'kukadzitsekera m'phiri pa nthawi imene ankafunika. Sitinayankhe msanga, chifukwa mawuwo anagwera pafupi ndi pamene tinakhala.

Kwa mayi aja tinati asawotche. Tinawapempha kuti mabukuwo azikhala m'sutikesi yokhoma, kutali ndi ana aang'ono, ndiponso kuti mwana wawo akamaliza kuona mavidiyo aja asamagone nawo yekha, azibwera kudzakamba, kaya ndi iwo kaya ndi ife. Anabweza mabukuwo m'jumbo muja mosakhutira kwenikweni, n'kufunsa ngati nthanoyo yathera pomwepo. Mwana wawo anati pali lachitatu, ndipo malume ake alonjeza kubwera nalo pa Eid. Mayiwo anapumira m'mwamba n'kuti likangofika liyambe ladzera ku madrasa. Muazini anali atayamba kale kuitana Maghrib, ndipo tinanyamuka kukachita wudhu.